Mlembi Wopanda Dzina ndi Mlonda Wosamva Chichewa

Mwezi wa Okutobala chaka cha 2024 ndidapita kwathu ku Chiwamba kukazonda azakhali anga. Ndidawapeza pakhonde akuswa mtedza wa mbewu. Malonje tidapatsana bwinobwino, koma nkhope yawo idali ya munthu amene watha masiku angapo osaona tulo. Titacheza za matenda ndi maliro monga mwa mwambo, adalowa m'nyumba natuluka ndi kafoni kawo ka mabatani, komanga ndi mphira kuti batire lisagwe. Adandipatsira nati, "Mwanangu, paja amati ndiwe wolemba nkhani. Tawerenga izi, undiuze ngati mwini wake simudaphunzire sukulu imodzi."

Uthengawo udali waufupi: "Mayi, ndine dalaivala uja wa ku Joni. Katundu wanu uja tafika naye pa Dedza koma a kasitomu amugwira. Tumizani K90,000 pa nambala yomweyi msanga galimoto isanatisiye. Mwana wanu ali kuntchito, foni sakuyankha." Azakhali alidi ndi mwana ku Johannesburg, msuweni wanga, amene adawalonjeza kalekale kuti adzawatumizira mabulangete ndi sola. Ndalama adali nazo, zogulitsa soya, zimene adasungira feteleza. Adathamangira kwa ejenti pamsika, natumiza. Pofika madzulo nambala ija idali itazima. Lamlungu mwana wawo atayimba, adadabwa kumva za katundu amene iye sadatumize.

Ine ndidayamba ndi kukwiya, kenaka ndidachita manyazi, chifukwa funso la azakhali silidali nthabwala chabe. Pobwerera kutauni ndidakhala ndikubwereza mawu aja m'mutu, mpaka ndidavomereza chinthu chowawa, chakuti amene adalemba uthengawu ndi mlembi, ndiponso mlembi waluso. Ife tikasindikiza buku la Chichewa timasangalala likagulidwa ndi sukulu zingapo. Iyeyu zolemba zake zimafika m'thumba la mlimi wa ku Nsaru, mphunzitsi wa ku Nambuma ndi wogulitsa tomato wa pa Namitete tsiku limodzi, ndipo ena mwa owerenga ake amalipira ndi thukuta la chaka chonse. M'nkhani ino ndikufuna kumuunika monga momwe timaunikira alembi ena, kenaka ndifunse ngati makina anzeru amene tikuuzidwa kuti adzalondera mafoni athu angathe kulimbana naye.

Tiyambe ndi kaliwu kakuti "uja". M'Chichewa kaliwu aka timakagwiritsa ntchito pa chinthu chimene tonse awiri tikuchidziwa kale. Mlembi wathuyu sadziwa dzina la azakhali, sadziwa dzina la mwana wawo, mwinanso sadziwa ngati ali ndi mbale ku Joni. Iye amangoponya "uja" ngati mbedza, wowerenga n'kudzaza yekha mpata wotsalawo ndi zimene mtima wake ukuyembekezera. Uthenga wotchuka kwambiri wa mtundu umenewu ndi uja wonena kuti ndalama ija itumizidwe pa nambala yakutiyakuti. Ambiri timaseka n'kufufuta, poti palibe ndalama imene tikuyenera kutumiza. Koma pamapezeka mmodzi amene m'mawa womwewo adalonjeza mlamu wake ndalama ya kuchipatala. Ameneyo ndiye wowerenga amene mlembi ankamufuna.

Taonaninso mmene adasanjira zotsalazo. Adayamba ndi "Mayi", ulemu wa mwana woleredwa bwino. Dedza sadamutchule mwangozi, pakuti ndi chipata chenicheni chimene magalimoto ochokera ku Joni kudzera ku Tete amalowera popita ku Lilongwe. Bodza lolimba amalimanga ndi njerwa zoona. Kenaka adaika mawu akuti "msanga galimoto isanatisiye". Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo mlembiyu mwambiwu amaudziwa kuposa ife, n'chifukwa chake amayamba walanda nthawi yofunsira. Pomaliza adatseka khomo lokhalo lothawira ponena kuti mwana sakuyankha foni. M'ziganizo zinayi muli mtengambali, malo, vuto ndi pachimake. Aphunzitsi a zolemba amati nkhani yaifupi isakhale ndi liwu lopanda ntchito. Ine ndafufuza muuthengamu, liwu lotere sindidalipeze.

Mlembiyu sali yekha. Apolisi ndi akuluakulu a ndende akhala akunena poyera kuti ambiri mwa mauthengawa amachokera m'kati mwa ndende, makamaka ya Zomba, pa mafoni olowetsedwa mozemba. Mu 2023 bungwe la MACRA, loyang'anira za mauthenga m'dziko muno, lidati Amalawi ankaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera pa foni. Njirayi idatseguka pamene Airtel Money idayamba mu 2012 ndi Mpamba ya TNM mu 2013. Kunena zoona, ntchito zimenezi zidapulumutsa anthu akumudzi ku maulendo ataliatali opita kubanki, ndipo palibe wanzeru angafune kuti tibwerere kosunga ndalama m'nkhokwe. Mu 2018 boma lidalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso. Tidaganiza kuti wakuba adzachita mantha dzina lake likadziwika. Iye adangosintha njira, n'kumalembetsa makhadi ndi ziphaso za eni ake, zotola kapena zobwereka monyenga.

Tsopano tikumva lonjezo latsopano. Akuti netiweki za mtsogolo zidzakhala ndi mpanda wolimba, ndipo pa mpandapo padzakhala mlonda wosagona, nzeru za makina zimene akuzitcha AI. Lonjezoli silabodza, ndipo ndi bwino tilimvetse tisanalitsutse. Pa netiweki yakale ya 2G, foni ndiyo imadzitsimikiza kwa nsanja ya netiweki, koma nsanjayo sidzitsimikiza kwa foni. N'chimodzimodzi mlendo woonetsa chiphaso kwa munthu aliyense wovala yunifolomu, osafunsa ngati ndi wapolisi weniweni. Choncho wakuba wokhala ndi kachipangizo konamizira nsanja angathe kukopa mafoni oyandikana nako. Kuyambira pa 3G mbali zonse ziwiri zimatsimikizana, ndipo 5G idaonjezapo kubisa nambala yeniyeni ya simukhadi kuti isamayende poyera m'mlengalenga. Palinso njira yakale imene makampani a mafoni amalankhulirana, yotchedwa SS7, imene idamangidwa pokhulupirira kuti aliyense wolowamo ndi mnansi. Mu Disembala 2014 akatswiri a ku Germany adaonetsa pamsonkhano ku Hamburg kuti kudzera m'njirayi munthu angathe kudziwa komwe foni ili ndi kupatutsa mauthenga ake, ndipo mu 2017 mbava zidaberadi ndalama za anthu m'mabanki a m'dzikolo mwa njira yomweyo. Netiweki zatsopano adazikonza poganizira maenje ngati amenewa.

Kuno kwathu TNM idayamba kuyesa 5G mu 2023 m'malo ochepa ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ku Chiwamba n'kufupi ndi likulu, koma kafoni ka azakhali kamagwira 2G basi, ndipo anzawo ambiri a ku banki m'khonde ali ndi mafoni otere. Komabe tiyerekeze kuti mawa nsanja ya 5G yaima pamsika wa Chiwamba, azakhali n'kulandira foni yamakono kuchokera ku Joni. Kodi K90,000 ija ikadapulumuka? Ayi ndithu. Wakuba uja sadathyole nsanja, sadapatutse uthenga, sadabe nambala yachinsinsi. Adagula mayunitsi, nalemba Chichewa chabwino, netiweki n'kumufikitsira uthenga wake mokhulupirika monga imachitira ndi wa m'busa. Mpanda udali chiimire. Iye adalowera pachipata, ndipo adamutsegulira ndi mwini nyumba.

Apa m'pamene mlonda wa makina akuyenera kuthandiza. Mu 2025 kampani ya Airtel Africa idayambitsa, poyamba ku Nigeria kenaka m'mayiko ena kuphatikizapo Malawi, njira ya AI yochenjeza anthu za mauthenga okayikitsa. Malinga ndi eni ake, makinawa sawerenga zimene zalembedwa. Amayang'ana khalidwe la wotumiza, pa zizindikiro zoposa 250, monga kuchuluka kwa mauthenga amene nambala imodzi yatumiza ndi kutalikirana kwa malo kumene apita. Nambala ikatumiza mauthenga mazanamazana ku Karonga, ku Mchinji ndi ku Nsanje m'kanthawi kochepa, makina amaika chizindikiro pa uthengawo. Imeneyi ndi ntchito imene munthu sangaithe, ndipo ine ndikuiyamikira. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akhale makina.

Koma monga wounika zolemba ndikuona malire atatu. Oyamba ndi akuti mlondayu amadziwa kuwerengera koma samva chinenero. Amagwira mlembi wadyera wofalitsa mauthenga chikwi pa khadi imodzi. Mlembi wodekha, wosintha makhadi, wotumiza pang'onopang'ono kapena woyimba foni n'kulankhula ndi mawu okoma, amaoneka ngati wina aliyense. Komanso mlembi wa mpingo wotumiza uthenga wa maliro kwa anthu makumi asanu angafanane ndi wakuba pamaso pa makina owerengera. Achiwiri ndi chinenero cha chenjezolo. Liwu lakuti "spam" limamveka ku Area 47, koma kwa azakhali lilibe tanthauzo. Wakuba amalankhula nawo m'chilankhulo cha mayi awo, pamene wowateteza akubwera ndi liwu lachilendo. Pa mpikisano wotere wopambana amadziwika usanayambe.

Malire achitatu ndiwo ovuta, ndipo akutikhudza ife alembi kuposa ena onse. Wina anganene kuti tingowaphunzitsa makinawo Chichewa, awerenge uthenga uliwonse, azindikire "uja" wabodza. Koma amene angawerenge uthenga wa wakuba angawerengenso kalata ya chibwenzi, madandaulo a wantchito ndi ndakatulo yodzudzula boma. Dziko lino lidaonapo owerenga osaitanidwa. Lamulo lounika mabuku la 1968 lidatseka pakamwa alembi ambiri, ndipo Jack Mapanje adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Tikukumbukiranso mkangano umene udabuka cha mu 2011 pa makina a MACRA otchedwa CIRMS, amene anthu adawapatsa dzina lakuti makina aukazitape, nkhani mpaka kufika kukhoti. Mu 2024 dziko lidakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa pa makina. Lamulolo ndi chiyambi chabwino, koma funso lidakalipo: mlonda akapatsidwa makiyi a chipinda chogona, womulondera iyeyo ndani? Makina aakulu nawonso amagwa. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yopanga mapasipoti idaima kwa milungu ingapo, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa kompyuta zidalanda makinawo n'kumafuna dipo.

Tsono pali chinthu chimene olonjeza aja sakonda kuchitchula. Nkhwangwa sisankha mwini. Nzeru za makina zomwezo zimene zikulondera netiweki zilinso m'manja mwa wakuba. Kumayambiriro kwa 2024 wantchito wa kampani ya Arup ku Hong Kong adatumiza ndalama pafupifupi madola 25 miliyoni a ku America atachita msonkhano wa pa kanema ndi anthu amene nkhope ndi mawu awo zidali za mabwana ake. Onsewo adali zithunzi zopangidwa ndi makina. Munthuyo adali wophunzira, wa mumzinda wa netiweki zapamwamba, koma adagwa m'mbuna yomweyo imene adagwamo azakhali. Kwa zaka zambiri chimene chakhala chikutitchinjiriza ku zoterezi ndi umphawi wathu wa zolemba. Makina amaphunzira chinenero pomeza zolembedwa zambirimbiri, ndipo za Chichewa n'zochepa. Google Translate idayamba Chichewa mu Disembala 2014, ndipo tidaseka kwa nthawi yaitali ndi Chichewa chake chopunduka. Lero kusekako kwachepa. Msuweni wanga amatumiza mawu ake pa WhatsApp pafupifupi tsiku lililonse, ndipo makina otengera mawu a munthu safuna zambiri kuti aphunzire. Tsiku limene azakhali adzamve pa foni mawu enieni a mwana wawo akulira kuti wamangidwa ku Joni, kodi ndani adzawadzudzule akatumiza?

Ndiye ndibwere kwa ife eni cholembera. Zolemba zathu wakuba sizimusowa. Nthano zathu zadzaza ndi Kalulu wopusitsa Njovu ndi Fisi, ndipo ana akamamvera amaombera m'manja Kalulu, n'kuseka wopusitsidwayo. Buku la Nthondo la Samuel Nthara, limene lidatuluka mu 1933, limatsata munthu amene adayamba ndi kuba n'kudzatembenuka mtima pambuyo pake. Ndiye kuti makolo athu m'zolemba ankayang'ana wakuba wa m'nthawi yawo m'maso. Nanga ife? M'nkhani zambiri zazifupi zimene ndawerenga zaka zapitazi, foni imangolira kuti iulule chibwenzi cha mseri, ntchito imene kale inkagwiridwa ndi kalata yopezeka m'thumba la jekete. Pamene kubedwa kwa pa foni kwalowa m'nkhani kapena m'sewero, kawirikawiri kumalowa ngati nthabwala: munthu wakumudzi wovala chipewa chong'ambika, wadyera, wokhulupirira kuti wapambana galimoto pa mpikisano umene sadalowe. Omvera amaseka, wolemba n'kumaliza ndi ulaliki wakuti dyera n'loipa.

Kalembedwe kameneka ndikukatsutsa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, n'kabodza. Azakhali sadagwe chifukwa cha dyera. Adagwa chifukwa chokonda mwana wawo ndi kuopa kumuchititsa manyazi pamaso pa dalaivala amene wawanyamulira katundu ulendo wonse. Wakuba adagwiritsa ntchito zabwino zimene zili mwa iwo. Wolemba amene sakuona zimenezi waposedwa ndi mkaidi pa kudziwa mtima wa munthu. Chachiwiri, kalembedweka kamathandiza wakuba. Tikamaseka wobedwa, wobedwayo amabisa. Azakhali adakhala milungu itatu osauza wina aliyense, ngakhale anzawo a ku banki m'khonde, kuopa kutchedwa mbuli. M'milungu itatu imeneyo uthenga womwewo uyenera kuti udafika m'makomo ena a m'mudzimo, kwa anthu amene akadachenjera akadamva. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma mwambiwu umagwira ntchito pokhapokha mnzakoyo akaulula chimene waona. Ngakhale makina aja amaphunzira kuchokera ku madandaulo a anthu. Manyazi amawamana chakudya.

Sindikupempha kuti alembi asanduke olemba zikwangwani za machenjezo. Ndikupempha nkhani zimene zikulowa m'mutu mwa mayi amene waima pamzere kwa ejenti, mtima ukugunda, ndalama ya feteleza ili m'kansalu. Ndikupempha nkhani yolowa m'chitolokosi usiku, yotionetsa mnyamata amene luso lake la mawu likadam'panga mlakatuli, mmene amasankhira pakati pa "Mayi" ndi "Amayi". Wowerenga amene wayendapo njira imeneyi m'buku amaizindikira akakumana nayo pa foni, monga momwe mwana amene adamva nthano ya Kalulu amazindikira mnzake womunyengerera. Ndikupemphanso kuti tipeze mawu athu a zinthu zimenezi. Chenjezo la pa foni likuyenera kulembedwa ndi munthu wodziwa kuti "Chenjerani, uthengawu ungakhale wa akathyali" amamveka mosiyana ndi mawu omasuliridwa mothamanga mu ofesi. Makampani ali ndi akatswiri a makina, koma akatswiri a Chichewa ndife, ndipo sitidapite kukagogoda.

Pali phunziro lina limene ndidalitenga ku Chiwamba komweko. Makina angatengere mawu a munthu, angaphunzire ulemu ndi miyambi, chifukwa zonsezi n'zolembedwa kapena zojambulidwa penapake. Chimene sangachipeze ndi chimene sichidalembedwepo: dzina la paubwana limene agogo ankamuitanira mwana, mtengo umene adagwamo n'kuthyoka mkono, zimene adanena tsiku lonyamuka. Makolo athu ankasula nzeru za ana ndi zilapi madzulo pamoto, ndipo wosadziwa yankho ankalipira. Luso lakale limenelo, lofunsa chinthu chimene wa m'nyumba yekha angayankhe, lasanduka chida cha nthawi ya 5G.

Nditapitanso kumudzi nthawi yokolola, ndidapeza chimanga cha azakhali chili chochepa, poti feteleza adathira thumba limodzi m'malo mwa awiri. Koma nkhani yawo adali ataiulula kumsonkhano wa amayi, ndipo atangomaliza kufotokoza, amayi ena awiri adaweramitsa mitu navomera kuti nawonso zidawachitikira. Ndidawafotokozera za makina otha kulankhula ndi mawu a mwana wawo, ndikuganiza kuti achita mantha. Iwo adangopukusa mutu nati, "Aziyimba. Ine ndidzamufunsa dzina la galu amene adamuluma ali mwana. Akadzayankha, ndalama ndidzatumiza."

Ndidawafunsa kuti galuyo dzina lake lidali ndani, poti ine ndidaiwala. Adandiyang'ana kwa kanthawi, nati, "Iwe ndiwe wolemba nkhani. Ndikakuuza ukalemba."